Akulira Kapena Akulima

Anati lituluka mu Juni.
Juni wadutsa ndi nkhungu zake,
watisiyira chifuwa ndi masokosi osauma,
koma buku la malemu Kanyaso kuli zii.

Ine ndimakonza maambulera pa Vigwagwa.
Aliyense wobwera ndi ambulera yothyoka nthiti
amandifunsa ngati ndine wosindikiza,
poti malemuwo ankakhala pa benchi langali
kudikira mvula kuti ikate,
ndipo mvula ya ku Mzuzu mukuidziwa, ilibe changu.

Anasiya makatoni atatu ku Chibavi.
Ndakatulo zina zili kuseri kwa malisiti a madzi,
zina m'kope la masamu la mwana wawo,
ina papepala lokulungira zitumbuwa,
mafuta anadyapo mizere iwiri
ndipo palibe amene angaisanzitse.

Mtolowu anasenzetsa Tafwakose,
mphunzitsi wa ku Katoto, wa magalasi omanga ndi ulusi.
Lachiwiri lina anafika ndi pepala m'jumbo.
"Inu munazolowera dzanja lawo. Apa akuti chiyani?
Bambo anga anakalamba akulira,
kapena akulima?"
Dontho la padenga linagwera pa chilembo chimodzi chokha,
ngati linachita kutumidwa.

Bambo awowo sindinawaonepo.
Ndinapendeketsa pepala, ndinatsinzina diso limodzi,
ndinati: akulima.
Usiku tulo tinandithawa.
Ndapatsa khasu munthu
amene mwina ankangofuna kuti timusiye alire.

Wanjinga wina wa ku Zolozolo
amaloweza ija ya chitunda ndi thukuta,
akuti akasintha liwu limodzi, iye adzadziwa,
miyendo yake idzamuuza.
Namwino wa ku Mapale akufuna ija ya pamzere wa mankhwala.
NyaMsowoya, mkazi wa malemu,
anati ija yolembera "iwe wa ku Luwinga" isalowe.
Patapita sabata anatumiza mwana:
ilowe, koma kumapeto,
ndipo asakonze kalikonse, ngakhale pamene analakwitsa,
aone onse kuti dzanja linkanjenjemera.

Wosindikiza naye ali ndi zake.
Akuti pamene a Kanyaso analemba vula
paikidwe mvula,
kuopa kuti a ku Lilongwe angayambe kumasula mabatani.
Tafwakose anakana.
Anati munthuyu akalemba mvula ankanena ya m'tauni,
yonyowetsa katundu pamsika,
akalemba vula ndi ija ya kwawo,
yogwa pa denga la amayi ake.

Nanga yomaliza ija.
Ili pa envulopu ya kuchipatala, mizere isanu ndi umodzi,
ndipo wotsiriza ukuti:
Ukafika pa mlatho wa Lunyangwa, usa
Basi. Cholembera chinaima pomwepo.
Takangana nawo mzerewu mpaka tiyi kuzizira.
Wanjinga akuti usaime.
Namwino akuti usacheuke.
NyaMsowoya anangoseka, nati mwina usaiwale mchere,
poti ndi zomwe ankaiwala tsiku ndi tsiku.
Tafwakose akuti ausiya chomwecho, wopanda mpumiro,
pansi pake pepala loyera,
aliyense awoloke yekha.

Tsopano akuti Novembala.
Mtengo wa mapepala wakweranso,
ndalama yanga ili m'chitini cha masipuling'i,
ndimaiwerenga, ndimaonjezera, imachepabe.

Ndikuopa bukuli, kunena zoona.
Lidzabwera losita bwino, la m'mbali mowongoka,
losanunkha zitumbuwa,
ndipo ndidzafunafuna chifuwa chawo pakati pa mizere
osachimva.
Komabe ndidzagula.
Ndidzatsegula msanga pa tsamba la bambo aja
kuti ndione chimene ndinawachita.

Ambulera yawo yakuda ikadali pano.
Ndinaikonza sabata imene anagonekedwa,
sanalipire, sanaitenge.
Ikagwa yamphamvu ndimabwereka anthu,
ndi pangano loti abweze.